Mizu ya mtengo ndi mizu ya ku Japan

Funso: Mwana wanga akuphunzira Chijapani ndipo akuti kumeneko madzi amati mizu. Ifenso tili ndi mizu ya mtengo. Kodi mawuwa ndi apachibale?

Yankho: Ayi, angofanana nkhope. Liwu lathuli limadulika pawiri: mi- ndi mphatikira wosonyeza zambiri, tsinde ndi -zu, n'chifukwa chake umodzi timati muzu. Lachijapanilo silidulika motero, ndipo zaka 1,300 zapitazo linali midu. Mawu apachibale amayandikirana mukamawalondola m'mbuyo, koma awa akutalikirana.

Funso: Kale kunalibe makina ojambulira mawu. Nanga akatswiri amadziwa bwanji mmene Ajapani akale ankatchulira mawu awo?

Yankho: Amasonkhanitsa mboni zingapo, ndipo mboni imodzi sigamula mlandu. Titenge h wa mu hana, kutanthauza duwa. Mu 1898 katswiri wa ziyankhulo wa ku Japan, Ueda Kazutoshi, analemba kuti h ameneyu poyamba anali p, kenako f, mpaka kudzafika pa h wa lero.

Mboni yoyamba ili m'chiyankhulo momwemo. Luso loyala maluwa amati ikebana, osati ikehana. Kodi b wachokera kuti? Mnzake wa b ndi p, poti onse amatulukira pamilomo, pamene h amachokera kukhosi. Ife izi si zachilendo: timati phiri koma mapiri, tsamba koma masamba, ndipo kusinthana kotereku kumasunga mbiri ya liwu. Dziko lawo lomwe lili ndi matchulidwe awiri, Nihon ndi Nippon. P anapulumuka pamene anali wowirikiza.

Yachiwiri ndi abale a chiyankhulocho. Ku zilumba za Miyako, kummwera kwa chilumba cha Okinawa ku Japan komweko, duwa akadali kuti pana.

Yachitatu ndi alendo. Apwitikizi anafika pa chilumba cha Tanegashima ku Japan mu 1543, ndipo mu 1603 ansembe a chipani cha Yesu anasindikiza dikishonale yomasulira Chijapani m'Chipwitikizi ku Nagasaki. Mmenemo duwa ndi fana, munthu ndi fito, lero hito. Apa pofunika kusamala: mlendo amalemba ndi zilembo za kwawo. Lembo f linaimira liwu lotuluka pakati pa milomo iwiri ngati mukuuzira moto, osati f wathu wa mu fisi woika mano pamlomo. Chotitsimikizira ndi chilape cha m'buku la 1516: chimakumana kawiri kwa mayi, kwa bambo sichikumana n'kamodzi komwe. Yankho ndi milomo, pakuti liwu loti mayi m'Chijapani linali fafa. Nenani haha wa lero, muona kuti milomo sikhudzana.

Zolemba zakale kwambiri, monga buku la Kojiki la 712, zinagwiritsa ntchito zilembo za Chitchaina poimira maphatikizo. N'kulakwa kuziwerenga ndi katchulidwe ka ku Beijing ka lero. Muyenera kuyamba mwapeza mmene Atchaina a nthawiyo ankazitchulira.

Funso: Ndiye palibe liwu lomwe timagawana nawo?

Yankho: Alipo, koma obwereka kwa munthu mmodzi. Kalata yathu ndi karuta yawo zonse n'zochokera ku carta ya Chipwitikizi. Ziyankhulo ziwirizi sizilola r ndi t kugundana, choncho ife tinaikapo a, iwo u. Ife tinatenga tanthauzo la uthenga wolembedwa, iwo la makhadi osewerera. Polemba, lathu likhale ndi l, popeza r timamuika pambuyo pa e ndi i basi. Karuta musiyeni ndi r wake, ndi mlendo.