Muscadel wa ku Upington: kodi anathiramo shuga?

Mayi wina wa kwathu amene akugwira ntchito ku Upington, m'chigawo cha Northern Cape ku South Africa, wanditumizira imelo. Akuti abwana ake anamupatsa botolo lolembedwa Red Muscadel, analawa ndipo anakonda kutsekemera kwake. Koma mnzake wina amene anagwirapo ntchito mu hotela ku Cape Town anamuseka, amvekere ameneyo si vinyo weniweni koma juwisi wothira shuga, womwa agogo. Ndiye akufunsa ngati zili zoona, komanso chifukwa chimene tambula imodzi yokha inamuzunguzira mutu.

Achemwali, pa nkhani ya shugayo mnzanu waphonya. Kutsekemera konse kumene munamva kunachokera mu mphesa momwemo, ndipo amene anakuikamo ndi dzuwa lomwe likukuwambani tsiku ndi tsikulo. Malamulo a vinyo a ku South Africa salola kuthira shuga wa nzimbe mu vinyo ngati ameneyu.

Inu mukukhala komweko, mukudziwa mmene kumatenthera mu Disembala ndi Januwale, madigiri mpaka kupitirira 40. Dera lonselo ndi louma. Minda ya mphesa inangondanda m'mbali mwa mtsinje wa Orange, kuyambira cha ku Groblershoop, kudutsa Upington ndi Keimoes mpaka ku Kakamas, ndipo popanda madzi othirira a mumtsinjewo sipakanamera kanthu. Pa kutentha kotere mphesa zimapsa msanga n'kudzaza shuga, koma asidi wake, uja amachititsa chipatso kuwawasa, amatha mofulumira. N'chifukwa chake mphesa zouma zambiri za dziko limenelo zimachokera kwanuko. Kwa wopanga vinyo zimenezi ndi mutu waukulu. Akalola yisiti kudya shuga yense, vinyo amatuluka waukali koma wozizira m'kamwa, wopanda moyo. Alimi a madera otentha anaona kalekale kuti kulimbana ndi dzuwa n'kutaya nthawi, bola kusunga kutsekemerako n'kukupanga kukhala chinthu chabwino.

Njira yake ndi iyi. Mumadziwa kuti thobwa la tsiku loyamba limatsekemera, koma mukalisiya masiku angapo limasasa n'kuyamba kuledzeretsa chifukwa shuga uja wasanduka mowa. Madzi a mphesa nawo amatero. Tsono opanga Muscadel sadikira kuti zifike pamenepo. Akafinya mphesa, madziwo asanawire kapena atangoyamba pang'ono, amathiramo mowa waukali wotchezedwa kuchokera ku mphesa. Yisiti sapirira mowa wochuluka chotero, amafa, ndipo shuga amatsala osadyedwa. Vinyo wopangidwa motere amatchedwa jerepigo. Muscadel ndi dzina la mtundu wa mphesa, imene ku France amaitcha Muscat à Petits Grains, ndipo ilipo yoyera ndi yofiira. Mukaona botolo lolembedwa Hanepoot, imeneyo ndi mphesa ina ya banja lomwelo, Muscat of Alexandria, ija yaikuluikulu imene anthu amadyanso yaiwisi.

Za mutu wozungulira uja, yankho lili pa pepala la botolo. Vinyo wamba amakhala ndi mowa wa pakati pa 12 ndi 14 peresenti. Muscadel nthawi zambiri amakhala pa 16 kapena 17. Tambula ya mamililita 250 ya vinyo wa 17 peresenti ili ndi mowa wofanana ndi mabotolo awiri ndi theka a Castle Lager, aja a mamililita 340. Choipa n'chakuti shuga amabisa ukali, munthu umangomeza osazindikira. Ndipo shugayo si wamasewera. Jerepigo amayenera kukhala ndi magalamu osachepera 160 pa lita, ambiri amapitirira 200, pamene Coca-Cola ali ndi magalamu pafupifupi 106 pa lita. Ngati muli ndi matenda a shuga musamuyandikire, ndipo mayi woyembekezera asalawe n'komwe.

Tsopano kamwedwe kake, pamene ine ndimaona kuti anthu ambiri amamulakwira vinyoyu. Choyamba, azizire. Muikeni mu furiji maola angapo. Muscadel wofunda amanona m'kamwa, ndipo chimene chimafika pamphuno ndi ukali wa mowa basi. Chachiwiri, kagalasi kakang'ono, mamililita 60 kapena 75 akwana. Musathamangire kumeza. Pukusani galasi pang'ono ndipo nunkhizani, chifukwa mphesa za banja la Muscat n'zimene zimasunga fungo la mphesa yeniyeni ngakhale zitasanduka vinyo. Mu woyera mumamva uchi, makoko a lalanje, nthawi zina lichi. Mu wofiira mumamva mphesa zouma ndi maluwa a rozi, ndipo akakhalitsa m'botolo zaka zingapo amayamba kununkhira tiyi ndi mtedza.

Koma pamene ndimaweruzira ine ndi pambuyo pomeza. Dikirani kanthawi. Ngati malovu akubwera ndipo m'kamwa mwatsala mopepuka moti mukufuna kulawanso, ndiye kuti wopangayo anathyola mphesa asidi asanatheretu, vinyo ameneyo ndi wabwino. Ngati lilime langomatirira ndipo pakhosi pakuotcha, mphesazo zinapsa mopitirira kapena mowa wothiramo uja sunagwirizane ndi madziwo. Kutsekemera aliyense wa ku dera lotentha angakupatseni. Luso lili pa kusunga kakuwawasa kaja koti kutsekemerako kusatopetse.

Nyengo yotentha ambiri kumeneko amathira ayisi wophwanya ndi kachidutswa ka ndimu, ndipo ine sindiona cholakwika, ndimuyo amabwezera asidi amene dzuwa linadya. Mu Juni ndi Julayi, usiku ukamazizira, amamwa wopanda ayisi. Chodyera chake chikhale cha mchere: mtedza wokazinga, tchizi chaukali, nyama youmitsa yotchedwa biltong. Ena amamwera keke yotsekemera yotchedwa malva pudding, koma kwa ine kumeneko n'kuunjika shuga pa shuga mnzake.

Mnzanu wa ku Cape Town uja mumuuze kuti vinyo amene anayamba kutchukitsa dziko limenelo kunja anali wotsekemera. Vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659, nthawi ya Jan van Riebeeck, mtsogoleri wa Adatchi kumeneko. Mtsogoleri wina wa Adatchi, Simon van der Stel, anakhazikitsa munda wa Constantia pafupi ndi Cape Town mu 1685, ndipo patapita zaka vinyo wotsekemera wa kumeneko ankagulidwa ndi mafumu a ku Ulaya. Napoleon ankamwa ameneyo ali mkaidi pa chilumba cha St Helena. Munda wa Klein Constantia unamuukitsanso mu 1986 pa dzina la Vin de Constance, wochokera ku mphesa yomwe ija ya Muscat, ndipo mtengo wake lero si wa munthu wamba. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Constantia kumazizira ndi mphepo ya kunyanja ndipo sathiramo mowa wowonjezera, amangosiya mphesa zifote pamtengo.

Komabe kunyoza kwa mnzanuyo kuli ndi pochokera. Kwa zaka zambirimbiri eni minda ankalipira antchito awo mbali ya malipiro ndi vinyo wotchipa, mchitidwe wotchedwa dop, ndipo mavuto a uchidakwa amene unasiya m'midzi ya m'mafamu akuonekabe. Vinyo wotsekemera wotchipa, uja wa m'matumba otchedwa papsak, anaipitsa mbiri ya vinyo yense wotsekemera. Pogula yang'anani kachidindo ka Wine of Origin pakhosi pa botolo. Dongosolo limeneli linayamba mu 1973, ndipo limatsimikizira kuti dera ndi mtundu wa mphesa zolembedwazo n'zoona.

Poti muli ku Upington, pitani ku Orange River Cellars, kampani imene alimi a m'derali anayambitsa mu 1965, mukalawe Muscadel wofiira, woyera ndi Hanepoot motsatizana. Kusiyana kwake kumamveka bwino akakhala pamodzi. Tsiku lina mukadzalowera cha ku Western Cape, dutsani msewu wa Route 62. Ku Nuy pafupi ndi Worcester, ku Montagu ndi ku Robertson ndiko kuchimake kwa Muscadel, ndipo munda wa Rietvallei uli ndi mitengo ya mphesa yodzalidwa mu 1908. Ku Calitzdorp, komwenso kumatentha koopsa, Boplaas ndi De Krans amapanga vinyo wofiira wotsekemera wa mphesa za ku Portugal monga Touriga Nacional, wolembedwa Cape Ruby kapena Cape Vintage.

Botolo limene mwatsegulalo musalikakamize kutha. Chifukwa cha shuga ndi mowa wochulukawo, likatsekedwa bwino n'kukhala mu furiji limatha milungu ingapo osaonongeka. Chimene simuyenera kuchita ku Upington n'kulisiya pawindo kapena m'galimoto masana.