Chiwongolero changa chikulimbana nane: kodi ndinataya ndalama?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina amene wangogula chiwongolero cha Logitech G29 choseweretsa magemu a mpikisano wa galimoto. Analemba kuti: "Ndasewera Assetto Corsa pa kompyuta kwa zaka 2 ndi kontirola ndipo ndinkathamanga bwino ndithu. Chigulireni chiwongolerochi, ndikuchedwa ndi masekondi 3 pa raundi iliyonse. Chimalemera, chimanjenjemera, pena chimatembenuka chokha n'kundilanda galimoto. Kodi n'chowonongeka, kapena ndinangotaya ndalama?"

Achimwene, khazikani mtima pansi. Malinga ndi mmene mwafotokozera, chiwongolero chanu chili bwinobwino. Kuchedwa kumeneku kumagwera pafupifupi aliyense wochoka pa kontirola, ndipo chifukwa chake chilipo. Mukamasewera ndi kontirola, gemu imakuthandizani mobisa: imasalaza kayendedwe ka chala chanu, ndipo galimoto ikathamanga kwambiri imachepetsa mmene matayala angakhotere, ngakhale mutakankhira kandodo ka kontirola mpaka kumapeto. Pa chiwongolero thandizo limenelo palibe. Mukakhota mopyola muyezo, matayala amakhotadi mopyola muyezo.

Koma nkhani yagona pa kulemera ndi kutembenuka kokha kumene mukudandaula nako. Kumeneko ndiye kumene munagula. Amakutcha force feedback, ndipo n'kosiyana ndi kunjenjemera kwa kontirola kumene kumangokuuzani kuti mwagunda chinthu.

Aliyense amene anayendetsapo galimoto yeniyeni akudziwa kuti potuluka pakona, ukamasula manja pang'ono, chiwongolero chimawongoka chokha. Matayala akutsogolo amafuna kubwerera kumene galimoto ikulowera, ndipo mphamvu yobwererayo imakula kapena kuchepa malinga ndi mmene tayala lagwirira msewu. Assetto Corsa imawerengetsa zimenezi maulendo oposa 300 pa sekondi, n'kuuza timamota tiwiri tili mkati mwa G29 kuti tikankhe manja anu molingana. M'galimoto yeniyeni woyendetsa amamva ndi msana komanso m'chiuno galimoto ikayamba kutsetsereka. Inu mpando wanu sugwedezeka. Njira yokhayo imene matayala angakuuzireni zimene akukumana nazo ndi m'manja mwanumo.

Pali zinthu ziwiri zimene chiwongolero chimanena zomwe muyenera kuzizindikira msanga. Mukalowa pakona mothamanga kwambiri, chimayamba n'kulemera, kenako mwadzidzidzi chimapepuka ngati chinthu chaduka mkati. Apo ndiye kuti matayala akutsogolo ataya msewu, galimoto ikungopita kutsogolo. Mtima umakuuza kuti uwonjezere kukhota, koma kutero n'kuipitsiratu zinthu. Chepetsani moto, bwezani chiwongolero pang'ono mpaka kulemera kuja kubwerere.

Chachiwiri ndi chimene mwati chikukulandani galimoto. Tinene kuti mukukhotera kumanzere, mwaponda moto msanga, kumbuyo kwa galimoto n'kuyamba kuthawira kumanja. Nthawi yomweyo chiwongolero chimakokera kumanja. Sikuti chapenga ayi, chikuloza matayala kumene ayenera kuloza kuti galimoto isazungulire. Mukachikaniza ndi manja owuma, ndinu amene mwaigwetsa galimoto. Ine ndinamvetsa zimenezi pa Paddock Hill Bend, kona yoyamba ya Brands Hatch ku England, pamene msewu umakhotera kumanja uku ukutsetsereka. Pamwamba pa chitundacho chiwongolero chimapepuka chifukwa galimoto imakhala ngati yanyamuka, ndipo pansi pake chimalemera zedi. Kwa masiku angapo ndinkachigwira mwamphamvu pamalo pomwepo, n'kumathera mumchenga. Tsiku lina ndinagwira ndi zala zokha, zikhatho zitangokhudza. Kumbuyo kutangoyamba kuchoka, ndinamva chiwongolero chikutereruka m'zala mwanga pang'ono chabe, galimoto n'kuwongoka maso anga asanaone n'komwe kuti china chalakwika. Kuyambira tsiku limenelo masewerawa ndimawaona mwina.

Tsopano tibwere ku masetingi, chifukwa ndikukayikira kuti mphamvu munaisiya pa 100. G29 imatha kukankha ndi mphamvu yongopitirira pang'ono 2 Nm (Nm ndi muyezo wa mphamvu yopotokola). Gemu ikapempha yoposa pamenepo, chiwongolero chimangoima pa malire ake, ndipo kulemera kwa pakati pa kona, kabampu ndi kutsetsereka kwa tayala zonse zimamveka chimodzimodzi. Zimenezi amati clipping. Zili ngati wailesi imene mwaikweza mpaka sipika ikungochita phokoso, mawu a woimba osamvekanso. Mu Assetto Corsa tsegulani kawindo ka Pedals mukuyendetsa. Kamzere kakumapeto kamasonyeza force feedback, ndipo kakamafiira pakati pa kona iliyonse, tsitsani Gain, yomwe ndi setingi ya mphamvu ya chiwongolero ija. Kufiira kwa kanthawi mukakwera m'mphepete mwa msewu kulibe vuto. Mabatani a + ndi - a kumanja kwa kiyibodi amasintha mphamvu ya galimoto imene mukuyendetsayo yokha, choncho simufunika kutuluka mu gemu.

Zotsalazo n'zachidule. Mu Logitech G HUB, pulogalamu ya pa kompyuta yosinthira masetingi a chiwongolerochi, ikani madigiri 900, ndipo mu gemu muikenso 900 omwewo, kuti manja anu ndi chiwongolero cha pa sikirini ziziyendera limodzi. Sipuling'i yobwezera chiwongolero pakati muizimitse, chifukwa imaphimba zimene matayala akunena. Mu gemu, setingi ya Gamma ikhale pa 1 kuti matayala azikhota molingana ndi mmene mwapotokolera chiwongolero. Kerb, Road ndi Slip ndi zonjenjemeretsa zongowonjezera, ine ndimazitsitsa kwambiri kapena kuzizimitsa ndithu. Mukaona kuti pakati penipeni chiwongolero chili gwedegwede osamva kanthu, ndi chibadwa cha ziwongolero za magiya ngati chanuchi. Kwezani Minimum Force pang'onopang'ono, koma chikayamba kudzipukusa chokha panjira yowongoka, mwapyola, bwererani. Ndipo kuzungulira kumene chimachita mukangochilumikiza, mbali imodzi mpaka kumapeto kenako mbali inayo, chimakhala chikudziyeza. Chisiyeni chimalize.

Musaiwale tebulo ndi mpando. Tebulo logwedera limameza zina mwa zimene mota ikutumiza. Buleki ya G29 ili ndi kamphira kolimba mkati, ndipo ngati mwakhala pa mpando wa matayala, mukaponda mwamphamvu mumabwerera m'mbuyo osadziwa. Ndikukhulupirira kuti gawo lalikulu la masekondi 3 anuwo likutayikira pa buleki, osati m'manja. Tsamiritsani zopondazo kukhoma, mpando muutchinge usayende.

Mwina mwayamba kale kuyang'ana ziwongolero zina. Zilipodi zabwino kuposa chanu. Thrustmaster T300 RS imayendera lamba, motero ndi yosalala komanso yopanda phokoso la magiya. Za direct drive, zimene chiwongolero chimamangidwa pa mota penipeni, zimanena zinthu momveka kwambiri: Fanatec CSL DD imene inatuluka mu 2021 ili ndi 5 Nm, ndipo Simucube 2 Pro imafika 25 Nm, mphamvu yoti ikhoza kukuvulazani chala chachikulu mukagunda khoma mutachilowetsa mkati. Koma musagule pano. Lucas Ordóñez wa ku Spain anapambana GT Academy yoyamba, mpikisano wosankha osewera magemu kuti akayendetse galimoto zenizeni za mpikisano, mu 2008 posewera gemu ya Gran Turismo, nthawi imene ziwongolero za direct drive zinali zisanafale m'nyumba za anthu, ndipo mu 2011 anamaliza wachiwiri m'gulu la LMP2 pa mpikisano wa galimoto zenizeni wa maola 24 wa Le Mans. Chimene muli nachocho n'chokwanira kuphunzirira zonse ndafotokozazi. Tsiku limene mudzafune kuwonjezera, yambani ndi buleki ya load cell, imene imayeza mphamvu ya phazi osati kutalika kwa kuponda, chifukwa mwendo umakumbukira mphamvu mosavuta.

Kwa masabata awiri akubwerawa, ikani kontirola kutali. Siyaninso kaye galimoto za Formula ndi zina zamphamvu. Tengani BMW M3 E30 kapena Lotus Elise, pitani pa Magione, kamsewu ka ku Italy kotalika pafupifupi makilomita 2.5, komwe makona amabwera pafupipafupi ndipo simuthamanga moopsa. Musayang'ane nthawi. Sankhani kona imodzi, lowani mothamanga dala kuti mumve kupepuka kuja. Raundi yotsatira pondani moto msanga dala, manja ali omasuka, muone kumene chiwongolero chikufuna kupita. Chitani zimenezi mphindi 30 patsiku, masetingi osawakhudzanso mukangowakonza kamodzi, chifukwa manja sangaphunzire chinthu chimene chikusintha tsiku ndi tsiku. Masabatawo akatha, bwererani pa msewu umene munkauzolowera ndi kontirola, ndipo mudzandilembere nthawi imene mwapeza komanso Gain imene mwakhazikikapo.