Musagule kaye booster, achimwene

Achimwene a ku Area 25, mwati chithunzi chikumadukaduka timabokosi pa masiteshoni ena okha, strength (mphamvu ya siginolo) ili yodzadza koma quality (ubwino wa siginoloyo) ili pansi. Mwafunsanso TV yabwino yogula, zimenezo akuyankhani ena. Ine ndimakonza ma TV ku Kawale, ndiye ndikamba za chithunzicho.

Amene akuti gulani booster, kachipangizo kokweza mphamvu ya siginolo, sanawerenge bwino uthenga wanu. Siginolo muli nayo kale yokwanira. Ine ndikukayikira kuti tuner yanu, gawo la TV losankha matchanelo, ikulowetsa siginolo ina yosafunika pamodzi ndi yanuyo.

Zimayenda chonchi. Tuner imapanga frequency yakeyake mkati, timati oscillator, n'kuisakaniza ndi yochokera pa eriyo kuti tchanelo chilichonse chitsikire pa frequency imodzi yapakati, timati IF, ya pafupifupi 36 MHz. Tinene kuti mukufuna tchanelo 30, chomwe chili pa 546 MHz. Oscillator ikhala pa 582. Koma onani, 618 nayo yatalikirana ndi 582 ndi 36 yomweyo, kungoti ili kumtunda, ndipo 618 ndi tchanelo 39. Ziwirizi zikalowa limodzi mu mixer, gawo losakaniza lija, palibenso amene angazilekanitse. Imeneyi ndiyo image frequency. Pa UHF tchanelo chimodzi ndi 8 MHz, choncho imagwera matchanelo 9 pamwamba pa chimene mukuonera. Manambala ndikunenawa ndi a mu manual search, osati a mndandanda wa masiteshoni.

Chotchinga image ndi filter ya kutsogolo kwa mixer, timakoyilo ndi ma varicap (tizipangizo tothandiza kusankha frequency) mu kabokosi kachitsulo komwe mumasomeka waya wa eriyo. Booster siisankha, imakweza zonse. Yosafunikayo ikakula kwambiri imapyola filter, ndiye vuto limangokula.

Chimene ndikupempheni kwambiri, musalole munthu atsegule kabokosiko. Anandibweretsera TV mayi wina wa ku Mchesi, atadzera kwa wokonza wina m'tauni. Munthuyo anali atatanyula timakoyilo ndi sikuludiraiva, kamodzi atakaphwanyiratu, chivundikiro atataya. Timakoyilo timeneti amatitchera kufakitale ndi makina, pamanja sungatibwezere. Tinachita kusaka tuner ina pa TV yakufa, mayiwo n'kulipira kawiri, pomwe poyamba TV inkangovuta pa tchanelo chimodzi. Zinandipweteka mtima.

Yambani ndi zosafuna ndalama. Ngati eriyo yanu ili ndi booster ya mkati, izimitseni muone. Itembenuzeni pang'onopang'ono wina akuyang'ana quality, osati strength. Bwerekani dikoda ya aneba muisomeke pa waya wanu womwewo. Madikoda ambiri atsopano ali ndi silicon tuner ya IF yotsika, nkhani ya 9 ija siwakhudza chimodzimodzi. Ikaonetsa bwino, mwadziwa kuti vuto ndi tuner.

Mukati mugule kanthu, funsani attenuator ya 6 dB, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya siginolo, m'mashopu a zamagetsi ku Old Town.  Ngati pafupi pali thawa ya foni yogwira m'ma 800 MHz, LTE filter, yotchinga siginolo ya foniyo, imathandiza, makamaka pa matchanelo a m'ma 50.

Musanapite m'tauni, kwerani padenga muone pamene waya walumikizana ndi eriyo. Mvula ikalowa mu coax, waya wa eriyowo, mumachita dzimbiri lobiriwira, ndipo quality imagwa mofanana ndi mmene mwafotokozeramu.