Akandichotsa chiberekero, moyo udzakhala wotani?

Mayi wina wa zaka 43 wandilembera imelo. Ali ndi zotupa za m'chiberekero, zija madokotala amati ma fibroids, akamasamba amataya magazi ambiri, ndipo dokotala wawauza zochotsa chiberekero. Akuti: "Anzanga akundiopseza kuti ndikalamba msanga, komanso bambo a kunyumba sadzandifunanso. N'zoona?"

Mayi, yambani mwaona moyo umene muli nawo panopa. Kutaya magazi mwezi ndi mwezi kumachepetsa magazi m'thupi, n'chifukwa chake mumakhala wotopa, kumva chizungulire, mwina kupuma mobanika mukangoyenda pang'ono. Amayi amene amapita ku opaleshoni atavutika chonchi ndi amenenso kawirikawiri amapepukidwa kwambiri. Msambo umatheratu, magazi amabwerera, mphamvu nazo zimabwerera.

Za kukalamba msangazo, anzanuwo asokoneza zinthu ziwiri. Chiberekero sichipanga mahomoni aukazi, aja amayendetsa msambo ndi zina za thupi la mayi. Amapangidwa m'timatumba tiwiri totulutsa mazira. Dokotala akasiya timatumbato, thupi limapitiriza ntchito yake, kungoti simusambanso. Akachotsa timatumbato, zizindikiro za kusiya kusamba zimabwera nthawi yomweyo: kutentha thupi mwadzidzidzi, thukuta usiku, kuuma kwa njira ya abambo, ndipo m'kupita kwa zaka mafupa amafooka. Mankhwala a mahomoni amathandiza, koma si aliyense woyenera kumwa. Kwa ine funso lalikulu lofunsa dokotala ndi limeneli: timatumbato musiya kapena muchotsa, ndipo chifukwa chiyani? Ambiri amachita manyazi kufunsa, chonsecho thupi ndi lawo.

Nkhani ya m'chipinda siyoopsa monga amainenera. Njira ya abambo imakhala ilipo, ndipo ambiri amati zinthu zili monga kale kapenanso bwino, poti ululu ndi magazi zija zapita. Dikirani kaye masabata pafupifupi 6, kapena mpaka dokotala atakulolani. Ndikadakonda bambowo akanakuperekezani kuchipatala kuti akamve okha, osati kumvera mphekesera.

Kuchira kumafuna kudekha. Akang'amba pamimba, werengerani masabata 6 mpaka 8 musananyamule zolemera. Akadzera kunjira ya abambo kapena pa timabowo ting'onoting'ono ta pamimba, kuchira kumafulumirapo. Mukatentha thupi, kutuluka zonunkha, kutaya magazi ambiri, kapena mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

Chimene sichibwerera ndi kubereka. Ngakhale mayi amene anamaliza kale kubereka amatha kugwidwa ndi chisoni, ndipo palibe chachilendo pamenepo. Ngati mtima ukufunabe mwana, funsani za opaleshoni yochotsa zotupa zokha. Kulinso lupu ya mahomoni ndi mapiritsi ochepetsa kutaya magazi, ndipo zotupazi nthawi zambiri zimafota mayi akasiya kusamba, ngakhale pa zaka 43 kudikirako kungakhale kwakutali.

Funsaninso ngati khomo la chiberekero adzalisiye. Likatsala, muzipitabe kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero monga kale.