Yankho kwa Amalume pa za kalata ya Filemoni

Amalume, mwaswera bwanji? Ndaona funso lanu pagulupa, loti ndikudzivutitsiranji ndi Chigiriki pokonza ulaliki wa Lamulungu chonsecho Buku Lopatulika lili m'nyumba. Ndati ndingoyankha ndi pakamwa, kulemba kungatalike.

Buku Lopatulika sindikulitaya ayi, ndi lomwelo ndikawerenge paguwa. Latilera kuyambira 1922. Koma mawu ake tinawazolowera kwambiri moti maso amangothamanga. Chigiriki chimandiyendetsa pang'onopang'ono, ndipo nchimene ndimachifunira.

Kalata ya Paulo kwa Filemoniyi, yomwe inalembedwa m'Chigiriki, ndi yaifupi, mavesi 25 basi. Ndiye ndakhala patebulo, pensulo m'manja, kulemba mzere kunsi kwa mneni aliyense. Tamverani zomwe zikutuluka. Paulo ali m'ndende, akulembera Filemoni za kapolo wake Onesimo. Koma dzinalo sakulitchula msanga ayi. Akuyamba nkuthokoza Mulungu chifukwa cha chikondi cha Filemoni. Kenako akuti akanatha kulamula, koma wasankha kupempha, iye nkhalamba, iye wandende. Pa vesi 10 akuyamba wanena kuti ndi mwana wake amene wabala ali m'maunyolo, dzina loti Onesimo nkubwera kumapeto kwenikweni kwa vesiyo. Filemoni akamalimva, mtima wafewa kale. Pempho lenilenilo, loti amulandire monga akanalandirira Paulo mwiniwake, likudikira mpaka vesi 17! Amalume, inu mwakhalapo ankhoswe, mukudziwa kuti nkhani yolemera safikira kuitula pakhomo.

China, eee, ichi chandigwira mtima. Kwathu kuno "inu" akhoza kukhala munthu mmodzi wolemekezeka, koma Chigiriki chimasiyanitsa mmodzi ndi ambiri. Pafupifupi kalata yonse Paulo akulankhula ndi Filemoni yekha, koma pa vesi 3, 22 ndi 25 akulankhula ndi gulu. Pa anthu opatsidwa moni pa vesi 2, Apiya alipo, Arkipo alipo, mpingo wosonkhana m'nyumbamo ulipo. Ndiye kuti mlandu wa bwana ndi kapolo wake ukumveka pamaso pa abale onse. Pamenepo mpamene ndikufuna kuimika ulaliki, pamodzi ndi vesi 18 ndi 19, pomwe Paulo akuti ngongole ya Onesimo ilembedwe pa iye, adzabweza yekha.

Paguwa sindikatchula liwu la Chigiriki ngakhale limodzi, musade nkhawa. Mukapeza mpata madzulo ano muwerengeko Akolose 4:9, Onesimo akutchulidwanso kumeneko, mundiuze momwe mukuonera. Mundipatsire moni azakhali.