Voice note ya ku gulu la banja: nkhumba ya chi China ija

Achemwali mwaswera bwanji, ndamva voice note yanu ija mumafunsa za nkhumba yotsekemera yowawasa imene ndinaphika pa Khirisimasi, kuti alamu akukuvutitsani nayo. Pepani ndayankha mochedwa, kuno ku Joni tatuluka usiku kuntchito. Ndingoyankhula chifukwa kulemba zonsezi zala zitopa.

Choyamba musaope dzina, ndi kapado yemweyu wangovala suti basi. Chakudyachi kwawo ndi kumwera kwa China, dera la Guangdong, a Cantonese amati gu lou yuk, ndipo bwana wathu wa kukhitchini ndi wa konko ndiye ndimaonera iyeyo tsiku ndi tsiku. Nyama mugule hafu kilo ya paphewa kapena pakhosi, yokhala ndi timafuta pang'ono, yopanda mafutiratu ija imauma ngati chikuni. Khungu chotsani. Mudule timabokosi tating'ono toti mwana aponye mkamwa kamodzi. Thirani kamchere, supuni 1 ya soya sosi, adyo wosinja, dzira 1, sakanizani muisiye mphindi 30. Soya sosi ndikunena wa m'botolo wakuda uja wamchere, osati ma soya pieces ayi chonde, amapezeka m'masupamaketi ndi m'mashopu a ma China.

Tsono apa mumvetsetse chifukwa mpamene pagona nkhani. Pamafunika cornflour, kaufa koyera kosalala kamene ukakatikita pa zala kamalira kuti tswii. Si ufa wa nsima. Ine tsiku loyamba kuyesa kunyumba ndinati aaa chimanga ndi chimanga, ndinathira ufa woyera, nyama inatuluka ngati yagwa mumchenga, msuzi unasanduka phala, anzanga a m'nyumba anandiseka sabata yonse. Mukaisowa cornflour, tengani chinangwa chozuna, musende, mupale pa gireta, mufinyire mumadzi pa kansalu, madziwo muwasiye akhazikike, choyera chimene chitsale pansicho muyanike, chimagwira ntchito yomweyo ndipo ine ndimaona ngati chimakhukhuta kuposa. Kasitadi ayi, imanunkhira vanila.

Ndiye nyama ija muigubuduze mu cornflour, masupuni 5 kapena 6, chidutswa chilichonse chiyere mbuu, mukutumule wotsalayo. Mafuta akhale ambiri ngati mukukazinga mandasi. Kuti mudziwe kuti atentha viikani nsonga ya mthiko, ikayamba kutulutsa timathovu ndiye kuti zatheka. Osaponya nyama yonse kamodzi, mafuta amazizira kenako nyama imangomwa mafuta, ponyani pang'onopang'ono, mphindi 4 kapena 5, vuulani. Iphwe pang'ono. Kenako kolezani moto, ngati ndi pa mbaula kupizani makala afiire, mubwezeremo nyama kachiwiri mphindi 1 yokha. Kukazinga kawiriku anthu amakudumpha ati kutaya nthawi, koma ndikomwe kumapangitsa kuti ukaluma izilira khrrr ngakhale yalowa mu msuzi.

Msuzi ndi wosavuta, sakanizani mu kapu musanayatse moto: tomato sosi wa m'botolo masupuni 4, viniga woyera 3, shuga 3, soya sosi 1, madzi hafu kapu, kapena madzi a chinanazi ngati alipo. Lawani ndi chala. Ukuyenera kukutsinani m'masaya pang'ono kenako kutsekemera kubwere pambuyo, ukakhala ngati jamu wonjezerani viniga. Pambali sungunulani tiyisupuni 1 ya cornflour m'madzi ozizira.

Chinanazi inu muli ndi mwayi, cha ku Mulanje chija chimaposa cha m'chitini chimene timagwiritsa kuno. Koma musachisakanize ndi nyama yaiwisi n'kugoneka, chinanazi chosaphika chili ndi mphamvu yofewetsa nyama mpaka imachita phwetephwete. Chidikire kumapeto. Dulani chinanazi, anyezi 1 ndi girini pepa 1 zikuluzikulu, mukapeza wofiira ndiye mbale imakongola.

Pa chiwaya siyani mafuta supuni 1, moto waukulu, anyezi ndi pepa mphindi 1 basi zisafe, zizikhukhutabe, ponyani chinanazi, thirani msuzi, ukabwata thirani cornflour wosungunula uja mukutakasa, muona ukuwala n'kumamatira ku supuni. Pomwepo nyama ilowe, tembenuzani katatu kanayi, phulani. Bwana wathu amakalipa akaona msuzi wadikha pansi pa mbale, amafuna ungomata nyama, si wosunsira nsima. Ndiye alamu akhale atasamba kale m'manja ali patebulo, mpunga wa Kilombero utapsa kale, chifukwa ikangokhala mphindi 15 kukhukhuta konse kuja kwatha. Mwana akalira, foni ikaitana, siyani nyama pambali musaiponye mu msuzi mpaka mwakonzeka.

Oh ndi ichi ndisaiwale, amalume a Chisilamu aja akabwera kapena a Seventh Day, pangani ndi chidale cha nkhuku kapena ntchafu yochotsa mafupa, njira ndi yomweyi, kungoti mafuta ndi chiwaya zikhale zina. Mukaphika mujambule mutumize pano tione, ndipo muuze mayi kuti ndiwaimbira Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi.