Funsani Malume: Kodi kumyuziyamu tingalowe ndi ng'oma zathu?

Mwezi uno foni yanga sinapume, mauthenga ambiri akufunsa za myuziyamu, makamaka zija zing'onozing'ono za m'zigawo osati zikuluzikulu za m'malikulu a mayiko. Ndasankhapo anayi, ena ndawadulako pang'ono poti anali aatali koma mawu ndi a eni ake. Mayina sindiika ngati nthawi zonse.

FUNSO: Malume, ine ndimatsogolera kagulu ka achinyamata, timapanga zisudzo, ndakatulo komanso tili ndi anyamata awiri ojambula pamanja. M'chigawo chathu muli myuziyamu ndithu koma ukadutsapo pamangokhala zii, mlonda yekha pageti, nde ine ndimaganiza zoti tizikachitirako zathuzi Loweruka koma anzanga akundiseka akuti kumeneko ndi kosungira mafupa ndi mikondo yakale, sangatilole ndi phokoso lathu. Ndilimbe mtima kapena ndingozisiya?

YANKHO: Limba mtima mphwanga. Anzakowo akunena myuziyamu yamakedzana ija yongotsekera zinthu m'magalasi n'kulembapo kuti musagwire. Ntchito yosunga ilipodi ndipo ndi yofunika kwambiri, koma ndi theka chabe la ntchito yawo. Bungwe la ICOM, lomwe lakhala likusonkhanitsa anthu ogwira ntchito m'mamyuziyamu padziko lonse kuyambira 1946, linakumana ku Prague mu Ogasiti 2022 n'kumanga mfundo yatsopano yofotokoza kuti myuziyamu ndi chiyani, ndipo mmenemo analembamo poyera kuti izisamala zogwirika ndi zosagwirika zomwe, komanso izigwira ntchito limodzi ndi anthu a m'madera. Zosagwirikazo ndi nyimbo, magule, nthano, luso la m'manja, zinthu zoti sungazikhomere pakhoma, zimakhala ndi moyo pokhapokha munthu akamazichita. Nde iweyo ndi gulu lako sikuti mukukapempha chifundo ayi, mwanyamula chinthu chomwe iwowo akuchisowa.

Ndikuuze nkhani ina yomwe ine imandisangalatsa nthawi zonse. Mu 1967 a Smithsonian, bungwe loyendetsa mamyuziyamu akuluakulu ku Washington m'dziko la America, anaona kuti anthu akuda okhala ku Anacostia, dera lina la mzindawo, safika kumamyuziyamu akuluakulu a pakati pa mzinda, basi anakatsegula kamyuziyamu komweko, m'nyumba yomwe kale ankaonetseramo kanema, n'kuika John Kinard kuti aziyendetsa. Bambo ameneyu anamvera zomwe anthu a m'deralo ankadandaula, ndipo mu 1969 anapanga chionetsero cha makoswe. Eya, makoswe, amoyo ndithu, chifukwa ndiwo ankavutitsa mabanja kumeneko, ndiye anthu anaona mmene makoswe amakhalira, matenda omwe amafalitsa ndi njira zothana nawo. Anthu analowa m'nyumbamo poti nkhani inali yawo.

Koma tsono usangotulukira ndi ng'oma pageti. Yambani mwapita ngati alendo, nonse, muyende chipinda chilichonse mofatsa, ndipo musankhe chinthu chimodzi chomwe chakugwirani mtima, kaya ndi khasu lakale lodyeka kukamwa, kaya chithunzi cha anthu osadziwika mayina ataima pasiteshoni. Sewero lanu loyamba lichokere pamenepo, mphindi 15 zokha zikwana, ojambula anu aja ajambule mwini khasulo mmene akumuonera m'maganizo. Ukatero ukalowa muofesi uli ndi chonena, sukungofuna holo yaulere. Ufunse amene amaona zamaphunziro ndi alendo, mamyuziyamu ambiri amakhala naye ngakhale kuti kwina munthu mmodzi yemweyo ndi amene amagwira zonse. Kalata yako ikhale ya tsamba limodzi, unenemo kuti ndinu ndani, mulipo angati, tsiku liti, mufuna magetsi kapena mipando, ndipo ndani adzasesa mukamaliza, kameneka kamaoneka kakang'ono koma ndi komwe kamakuitanitsanso kachiwiri. Tsiku losavuta kuyambira ndi 18 Meyi, tsiku lokumbukira mamyuziyamu padziko lonse lomwe linayamba mu 1977, nthawi imeneyo amakhala akusaka chochita choti chikope anthu. Akakuuzani kuti ng'oma muimbire panja usakhumudwe, kugunda kwa ng'oma ndi kuponda kwa ovina kumagwedeza mashelefu ndipo mbiya yong'aluka kale siichedwa kutha.

FUNSO: Malume, ine ndine mayi wowumba mbiya, tili m'gulu amayi asanu ndi mmodzi. Chaka chatha anatiitana kumyuziyamu ina kuti tikaonetse kawumbidwe pa tsiku lotsegulira chionetsero, tinanyamula dongo lathu, tinakhala tsiku lonse padzuwa alendo akutijambula, madzulo anangoti zikomo amayi mwatithandiza. Pano nkhope yanga ili pachikwangwani chawo, dzina palibe, angolemba kuti amayi akumudzi. Atiitananso chaka chino, tipite?

YANKHO: Mayi, nkhani yanuyi yandipweteka mtima, ndipo si inu nokha, ojambula, ovina, osema, oluka, ambiri amandiuza zomwezi. Chomwe chinachitika apa n'choti anakutengani ngati maluwa okongoletsera mwambo. Pulogalamu inali itaphikidwa kale muofesi, inu munangoitanidwa kudzadzaza bwalo, pomwe luso lomwe alendo anabwera kudzaona linali m'manja mwanu.

Ine ndikuti pitani, koma mupite mwambo usanafike, mukakhale nawo pansi. Munene zinthu zitatu mosaopa. Tsiku lanu ndi dongo lanu zili ndi mtengo, wa zokuzira mawu ndi wobwereketsa tenti amalipidwa, nanga inu mulekerenji? Ngati akuti bajeti ndi yochepa, ndipo nthawi zambiri kumamyuziyamu a m'zigawo imakhaladi yochepa sindikana, ndiye akupatseni thiransipoti ndi malo ogulitsira mbiya zanu popanda kudulapo kanthu, kapena aziika mushopu yawo pa mgwirizano womveka. Chachiwiri ndi dzina, pachithunzi chilichonse ndi pambiya iliyonse palembedwe dzina la wowumba, ndipo chikwangwani chija muli ndi ufulu wopempha kuti alembepo dzina lanu kapena achichotse ngati simunavomereze. Chachitatu, zonse mwagwirizanazo zikhale papepala, nonse musayine, pepala lina mutenge. Mawu apakamwa amauluka bwana akasinthidwa.

Ndipo musaime pa tsiku limodzi lokha. Auzeni kuti mukufuna muziphunzitsa ana ndi achinyamata mwezi ndi mwezi, kuyambira kusankha dongo, kuliponda, kuwumba, kukulungiza mpaka kuwotcha, chifukwa munthu woonera theka la ola amangoti zokongola n'kumapita, koma amene mbiya yamuphwanyikira m'manja kawiri katatu ndi amene amadziwa kulemera kwa ntchito yanu. Apempheninso akutsegulireni kosungira zinthu muone mbiya zakale zomwe ali nazo. Mudzadabwa, zambiri pakhadi anangolemba kuti mbiya yadothi basi, pomwe inu mukangoigwira pakhosi mudziwa kuti iyi inali yamadzi, iyi yophikira, mizere iyi anailemba ndi chiyani. Nzeru imeneyo curator, woyang'anira zinthu za m'myuziyamu, sangaipeze m'buku.

Kuti muone kuti zimatheka, ku Cape Town, m'dziko la South Africa, kuli District Six Museum. Mu 1966 boma la tsankho linalengeza kuti dera la District Six ndi la azungu okha, anthu opitirira 60,000 anasamutsidwa mokakamiza nyumba zawo n'kugwetsedwa. Myuziyamuyi inatsegulidwa mu Disembala 1994 m'tchalitchi chakale cha Methodist, ndipo pansi anayalapo mapu aakulu a misewu ya deralo, anthu omwe ankakhalako amabwera, kugwada, n'kulemba dzina la banja lawo pamalo pomwe panali nyumba yawo. Ena mwa iwo ndi omwe amayendetsa alendo n'kumafotokoza. Pamenepo eni nkhani ndi amene akugwira cholembera, ndipo ndi malo oterowo omwe inu ndi anzanu asanu aja mukuyenera kupatsidwa.

FUNSO: Malume, agogo anga aamuna anatisiya ndipo anasiya ng'oma, nsalu ina yakalekale ndi makalata angapo. Zikudyedwa ndi tizilombo m'nyumba muno. Ndikazipereka kumyuziyamu ndiye kuti zapita mpaka kale? Ng'omayo tidzaimbanso?

YANKHO: Pepani ndi maliro achimwene. Musanachite chilichonse khalani pansi ndi abale, zinthu za malemu sizikhala za munthu mmodzi, ndipo myuziyamu yolongosoka idzakufunsani ngati banja lavomereza.

Pali njira ziwiri ndipo anthu amazisokoneza. Mukapereka ngati mphatso, chinthucho chimalembedwa murejista, chimapatsidwa nambala yakeyake, ndipo chimakhala cha myuziyamu, kuchitenganso n'kovuta kwambiri. Mukabwereketsa, mumasayinirana kuti chikhala kumeneko nthawi yakutiyakuti, chikadali chanu, nthawi ikakwana mumakatenga kapena kuwonjezera. Dziwaninso kuti kupereka sikutanthauza kuti chiikidwa poonekera, zinthu zambiri za myuziyamu zimakhala kosungira, zomwe alendo amaona ndi zochepa. Za kuimba ng'omayo, nenani poyambirira ndipo zilembedwe. Mamyuziyamu ambiri akalemba chinthu murejista salolanso kuti chigwiritsidwe ntchito, koma amakhala ndi gulu lina la zinthu zoti ana ndi alendo azigwira ndi kuyesa, ndiponso alipo ena amene amalola banja kudzatenga chinthu chawo pa mwambo n'kubweza. Ngati mtima wanu ukufuna ng'omayo izilirabe, ibwereketseni, musaipereke.

Zikafika kumeneko sazisakaniza msanga ndi zinzake, amayamba azipatula kuti tizilombo tisafalikire. Nsalu amaikulunga mupulasitiki n'kuiika mufiriza yozizira pafupifupi madigiri 20 kunsi kwa ziro kwa sabata kapena kuposerapo kuti tizilombo ndi mazira ake zife, koma ng'oma ambiri amaopa kutero poti chikopa chokokedwa chitha kung'ambika. Mukadzaona chipinda chomwe aikamo nsalu ndi makalata chili ndi kamdima musaganize kuti akuumira magetsi, kuwala kumafufutsa utoto ndi inki ndipo zikafufuka sizibwerera, n'chifukwa chake zinthu zotere amaziunikira pang'ono, pafupifupi 50 lux basi (lux ndi muyeso wa kuwala). Panopa kunyumbako zichotseni pansi ndi pakhoma lachinyezi, makalata musawamate ndi selotepi, ndipo ng'oma musaipake vanishi kapena mafuta poganiza kuti mukuikonza.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi ichi, tengani foni mukhale ndi agogo aakazi ngati alipo, kapena azakhali, muwajambule mawu akufotokoza kuti ng'omayo anasema ndani, ndi mtengo wanji, inkalira pa zochitika ziti, nyimbo yake inali yotani, ayimbeko ngakhale kamodzi. Ng'oma yofika kumyuziyamu yopanda nkhani yake imangokhala chipika ndi chikopa. Ikafika ndi mawu amenewo, gulu ngati la mnyamata wafunsa poyamba uja litha kudzaphunzira nyimboyo n'kuiimba pabwalo.

FUNSO: Malume, ndinapita ndi ana a sukulu kumyuziyamu ina ndipo ndinapeza aika poyera zinthu zamwambo zomwe kwathu ana ndi anthu osalowa mwambowo saloledwa kuona. Ndinachita manyazi ndi mantha. Kodi ndingadandaule kapena ndi mmene zimakhalira?

YANKHO: Aphunzitsi, dandaulani, koma musapite nokha. Kauzeni akuluakulu osunga mwambowo, iwowo ndi amene mawu awo amalemera, mupite limodzi kapena alembe kalata. Zinthu zambiri zotere zinatoleredwa kalekale popanda kufunsa eni ake, ndipo ogwira ntchito alipo panowa mwina anazipeza zili momwemo m'galasi, nde kambani nawo mwaulemu, nthawi zambiri amamva. Si zachilendo zomwe mukupemphazi. Ku Australia mamyuziyamu akuluakulu amasunga zinthu zopatulika za Aaborijini, eni nthaka a kumeneko, m'zipinda zapadera zomwe salowamo aliyense, zina anazibweza kwa eni ake. Ku New Zealand, myuziyamu ya Te Papa yomwe inatsegulidwa ku Wellington mu 1998 ili ndi bwalo la misonkhano ndi miyambo ya Amaori, eni nthaka a dzikolo, mkati mwake momwe, ndipo mafuko amakhala ndi mawu pa kasungidwe ndi kaonetsedwe ka chuma cha makolo awo.

Zomwe mungapemphe zilipo zingapo, atha kuchichotsa poonekera, atha kuchiika m'chipinda chokhala ndi chenjezo pakhomo kuti munthu asankhe yekha kulowa, kapena akuluakulu aja anene okha zomwe zingafotokozedwe pagulu ndi zomwe ziyenera kukhala zobisika. Ndipo ulendo wina musanatenge ana, pitani kaye nokha tsiku limodzi muyende zipinda zonse ndi wa zamaphunziro uja, mugwirizane zipinda zolowa ndi zodumpha, mumufunsenso ngati tsikulo kungabwere wosema kapena wanthano woti ana akhale naye pansi ola limodzi.